Lekani kupha makompyuta a m'sukulu zathu ndi "upgrade"

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga ndipo lero ena mwa inu muli m'maofesi ku Ginnery Corner, ku Limbe, ena ku Joni, lero ndabwera ndi mkwiyo ndipo sindibisa. Pali matenda amene alowa m'sukulu zathu muno mu Blantyre, dzina lake ndi "upgrade". Kompyuta imene dzulo inkagwira ntchito bwinobwino, ana akulembapo ndi kuwerengetserapo masamu, lero aiika Windows yatsopano, ndipo sikirini yasokonekera: zilembo zatupa, zithunzi zikuyenda mojejema, pulojekita yakana kuonetsa kanthu. Mawa lake kompyuta ija ili pakona m'chipinda chosungiramo katundu, ndipo m'buku alembamo kuti "yakufa". Ine ndikuti siinafe. Yaphedwa ndi anthu, ndipo ambiri mwa makompyuta oterewa angathe kudzuka lero lomwe popanda kugula chitsulo chilichonse.

Tiyeni tiyambe ndi makompyuta enieniwo, chifukwa tonse tikuwadziwa. Ndi aja akuda kapena otuwa olembedwa Dell OptiPlex 755, 760, 780, kapena HP Compaq, opangidwa cha m'ma 2007 mpaka 2010, amene anagwira ntchito m'mabanki ndi m'maofesi a ku Ulaya kenako n'kubwera kuno m'makontena ngati kaunjika. Ambiri alibe graphics card yapadera. Chimene chimajambula zithunzi pa sikirini ndi kachipangizo ka Intel komangiriridwa pa motherboard pomwepo, kotchedwa GMA, ndipo kamabwereka RAM ya kompyuta yomweyo. Kachipangizoka sikamva chilankhulo cha Windows pakokha. Pamafunika womasulira pakati pawo, amene timamutcha driver. Womasulirayu akasowa, Windows imaika wake wongogwirizira, wotchedwa Microsoft Basic Display Adapter, amene amangodziwa mawu ochepa olonjererana basi.

Zotsatira zake ndi zimene mumaziona zija. Monita yanu mwina ndi yotambalala, ya 1366 kwa 768, koma driver wogwirizira uja nthawi zambiri amaisiya pa 1024 kwa 768 n'kuikoka m'mbali kuti idzaze galasi. Aphunzitsi anzanga a masamu, gawani 1366 ndi 1024: mupeza kuti chilichonse chafutukuka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukajambula bwalo lozungulira, mwana akuona dzira. Mukajambula sikweya, akuona njerwa. Ndiye mumphunzitsa bwanji za radius mwana amene akuyang'ana dzira? Driver yemweyo sadziwa kusamalira masikirini awiri, n'chifukwa chake pulojekita imakuvutitsani. Sadziwanso kugwiritsa ntchito mphamvu ya kachipangizo kaja, choncho ntchito yonse yojambula imagwera purosesa. Kanema wa Biology amayenda ngati minibasi ya pa Chipembere Highway nthawi yoweruka, ndipo mapulogalamu ofuna OpenGL, monga oonera mapu a dziko kapena nyenyezi, amangotseka okha. Palibe chapsa apa ayi. Changosowa ndi kafayilo.

Kodi kafayiloko kasowa bwanji? Apa ndi pamene ndimafuna ana anga a Computer Studies adziwe mbiri, chifukwa nkhaniyi siinayambe lero. Mu January 2007 Microsoft inatulutsa Windows Vista, imene inabwera ndi mtundu watsopano wa madriver a sikirini wotchedwa WDDM. Vista isanatuluke, makompyuta ambiri anagulitsidwa atamatidwa kachizindikiro kolembedwa "Vista Capable". Ena mwa iwo anali ndi chipangizo cha Intel 915 chimene chinalibe driver wa WDDM, kotero sankatha kuonetsa maonekedwe atsopano aja a Aero amene ankawalengeza pa TV. Anthu ku America anakasuma kukhoti ku Seattle, ndipo mu 2008 makalata a mkati mwa Microsoft atawululidwa, zinadziwika kuti mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo analemba yekha kuti muyeso unatsitsidwa pofuna kuthandiza Intel kugulitsa katundu wake. Mu 2012 Windows 8 inasiyiratu kulandira madriver akale a nthawi ya XP. Windows 10 itatuluka pa 29 July 2015, inaperekedwa ulere kwa chaka chathunthu ndipo inkachita kudzikakamiza pa makompyuta a anthu, koma Intel sinalembe madriver a Windows 10 a GMA 4500, ngakhale a HD Graphics 3000 ya mu 2011, imene inali ndi zaka zinayi zokha. Ena mwa makompyuta amenewa amayenda ndi driver wakale wa Windows 7 kapena 8 amene Windows Update imapereka, ena amangogwera kwa wogwirizira uja.

Windows 11, imene inatuluka pa 5 October 2021, inatsekeratu chitseko. Imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0, imafuna graphics yomva DirectX 12 ndi driver wa WDDM 2.0, ndipo pa mapurosesa a Intel imayambira pa m'badwo wachisanu ndi chitatu, wa mu 2017, kupatulapo ochepa chabe. Ndipo pa 14 October 2025 Microsoft inasiya kupereka ulere zokonza za chitetezo za Windows 10, monga inachitira ndi Windows 7 pa 14 January 2020 ndi XP pa 8 April 2014. Kampani yofufuza za msika yotchedwa Canalys inayerekeza kumapeto kwa 2023 kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni angathe kutayidwa chifukwa cha zimenezi. Taganizani: makompyuta oyaka, ogwira ntchito, kutayidwa chifukwa wina ku Redmond walemba deti pa kalendala.

Ndiye woyamba kumuloza chala ndi makampani amenewa, ndipo ndikuwaloza mosaopa. Iwo ndi amalonda, ndipo kompyuta imene yakhala zaka 15 ikugwira ntchito siwabweretsera kanthu. Koma kuwanyoza ndili pano pa Maselema sikusintha kanthu, samva n'komwe. Amene angamve ndi ife, ndipo ife tili ndi milandu iwiri.

Mlandu woyamba ndi wa anyamata a fulashi m'thumba. Ndikunena ena mwa okonza makompyuta amene amayendayenda m'sukulu, amene mankhwala awo a matenda aliwonse ndi amodzi: format. Kompyuta ikuchedwa kuyaka? Format. Printer yakana? Format. Pa sukulu ina muno m'tauni, imene sindiitchula dzina, mnyamata wotere anaitanidwa kuti achotse ma virus m'makompyuta a m'labu. Iye anafufuta Windows 7 yonse n'kuika Windows 10 m'makompyuta onse tsiku limodzi, osayesa kaye imodzi, osasunga driver ngakhale mmodzi. Masikirini atatupa, ananena mosaphethira kuti ma graphics card apsa chifukwa cha magetsi othimathima, ndipo analemba pepala la mtengo wa atsopano. Graphics card yake iti, poti makompyutawo analibe n'komwe? Ndipo zingapse bwanji zonse tsiku limodzi, tsiku lomwelo limene iye waikamo Windows? Magetsi athu ali ndi milandu yawo yambiri, koma uwu si wawo.

Masiku ano anyamata omwewa atulukira china. Pali kapulogalamu kotchedwa Rufus kamene kamatha kupanga fulashi ya Windows 11 yolumpha malamulo aja a TPM ndi purosesa. Ndiye amabwera monyada: bwana, ine Windows 11 ndimaiika pa chilichonse. Chimene sanena n'chakuti Microsoft yeniyeniyo inachenjeza kuti kompyuta yoikidwa mwa njira imeneyi ilibe chitsimikizo cholandira zokonza, komanso kuti driver wa sikirini sabadwa chifukwa choti mwalumpha mpanda. Sanenanso kuti kuyambira pa Windows 11 ya 24H2 ya mu 2024, purosesa yopanda malangizo a SSE4.2 siyaka n'komwe, ndipo ma Core 2 Duo athu aja alibe malangizo amenewo. Mwalipira ndalama kuti akuikireni chinthu chopanda tsogolo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Sindikunyoza ntchito yokonza makompyuta. Ena mwa ana anga akudya ndi ntchito imeneyi ndipo amaigwira mwaulemu. Ndikulankhula nanu inu amene: musakhale ngati sing'anga amene amatema mphini pa matenda aliwonse. Ndinakuphunzitsani kufunsa kuti chifukwa chiyani musanagwire screwdriver.

Mlandu wachiwiri ndi wa ife a m'sitafu rumu ndi a m'maofesi a ahedi, ndipo ndiwo waukulu. Tili ndi manyazi achabechabe. Mlendo akalowa m'labu n'kuona Windows yakale, timamva ngati wationa titavala malaya ong'ambika. Timafuna sikirini yooneka ngati ya laputopu ya mwana wa bwana. Palibe amene amafunsa funso losavuta: kodi mwana wa Fomu 3 akufuna kuchita chiyani pa kompyutayi chimene sichikutheka lero? Akufuna kuphunzira kutaipa, kukonza kalata, kuika fomula m'tebulo la manambala, kupanga database yaing'ono, kusunga fayilo n'kuipezanso mawa. Zimenezi kompyuta ya mu 2009 imazichita osatuluka thukuta. Fomula yophatikiza manambala siinasinthe chichokereni nthawi ya XP. Pa mayeso a MANEB, mwana sapatsidwa malikisi chifukwa cha kukongola kwa batani la Start.

Ndipo manyazi amenewa ali ndi mtengo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Chitsulo chilichonse cha kompyuta chimachokera kunja ndipo chimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kompyuta imodzi ikalembedwa kuti yakufa, siibwera ina m'malo mwake. Chimene chimachitika n'chakuti ana amene anali atatu pa kompyuta imodzi akhala asanu, ndipo mtsikana wamanyazi uja wa ku Bangwe amene amakhala kumapeto kwa benchi sagwiranso mouse mpaka tsiku la mayeso. Ndalama zogulira zinthu zosafunikazo ndi za makolo amene amagulitsa tomato mu msika wa Ndirande ndi makala ku Machinjiri. Makolo amenewa sadziwa kuti driver n'chiyani, amangotikhulupirira ife. Kuwauza kuti makompyuta afa pamene sanafe ndi kuwabera, ngakhale titachita mosadziwa.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, ndipo sindizithawa. Muti: aphunzitsi, Windows yakale ilibe chitetezo, mukufuna ana agwiritse ntchito makompyuta odzaza ma virus? Funso labwino. Kompyuta ya Windows 7 kapena XP siyenera kulumikizidwa pa intaneti, ndipo kompyuta ya kwa bursar kapena yosungira mayina ndi zotsatira za ana iyenera kukhala ndi pulogalamu imene ikulandirabe zokonza. Pamenepo sinditsutsa. Koma malabu athu ambiri alibe intaneti. Ma virus ake amalowa ndi mafulashi a nyimbo ndi mafilimu, ndipo fulashi yodwala imadwalitsanso Windows yatsopano ngati palibe mwambo. Komanso kuika Windows 10 lero, imene thandizo lake laulere linatha mu 2025, kapena Windows 11 yolumpha mpanda, sikukupatsani chitetezo chimene mukuchifunacho. Mwangosinthanitsa chitseko chakale chopanda loko ndi chitseko chatsopano chopandanso loko, n'kuswa ndi zenera lomwe.

Ena muti: ana ayenera kuphunzira zimene akakumane nazo kuntchito. Ana anga amene munalemba MSCE cha m'ma 2008, tandiyankhani, munaphunzira pa chiyani? Pa XP ndi Office 2003, ena pa mamonita aja a chimutu kumbuyo. Lero mukugwiritsa ntchito mafoni ndi mapulogalamu amene panthawiyo kunalibe. Kodi munalephera? Chimene chinakuthandizani ndi kumvetsa kuti fayilo n'chiyani, foda n'chiyani, fomula imayenda bwanji. Batani limasamuka chaka ndi chaka, koma amene anamvetsa maziko amalipeza. Mwana amene wakhala ola lathunthu yekha pa kompyuta yakale amaposa amene waonera patali kompyuta yatsopano.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba, musanalembe kuti yakufa, iyeseni. Iyatseni muyang'ane sikirini yoyamba ija ya Dell kapena HP, Windows isanayambe. Ngati pamenepo zilembo zili bwino, ndipo chisokonezo chikuyamba Windows ikalowa, ganizirani driver poyamba. Tsegulani Device Manager, pitani pa Display adapters. Mukaona palembedwa Microsoft Basic Display Adapter, mwagwira wakuba. Ngati sikirini yonse yasanduka yapinki kapena yobiriwira kuyambira poyatsa, yang'anani chingwe cha VGA, kamano kamodzi kapindika kapena sichinamangidwe bwino. Sinthanitsani ndi cha kompyuta ina muone. Matenda enieni a chitsulo alipo ndithu: fumbi la m'chilimwe limatseka fani, ndipo makapasita amatupa pamwamba, monga zinkachitikira ma OptiPlex GX270 ndi GX280. Koma zimenezi mumaziona ndi maso mukatsegula bokosi. Amene akunena kuti chapsa akuonetseni chapsacho.

Chachiwiri, ngati upgrade yachitika kumene pamwamba pa Windows yakale, osati format, pali masiku 10 obwerera m'mbuyo kudzera mu Settings, pa Recovery. Masikuwo akatha, njirayo yatsekeka. Ngati anachita format, funani driver pa tsamba la amene anapanga kompyutayo pogwiritsa ntchito nambala ya mtundu wake. Kawirikawiri driver wa Windows 7 amalola kuikidwa pamanja kudzera mu Device Manager ndipo sikirini imabwerera mwakale. Osatenga madriver pa masamba achilendo olonjeza kukonza zonse ndi batani limodzi, kumeneko n'kumene kumachokera ma virus.

Chachitatu, pali Linux, imene ambiri timaiopa ngati mfiti tisanaionepo. Madriver a zipangizo zakale za Intel ali mkati mwa Linux momwemo ndipo anthu akuwasamalirabe, kotero kompyuta imene Windows 10 yaitaya nthawi zambiri imaonetsa sikirini yolondola mukangoyatsa Linux Mint ya Xfce kapena Lubuntu. Mungathe kuiyesa kuchokera pa fulashi osafufuta kalikonse, ndipo kuyesa kumeneku ndi umboninso wakuti chitsulo chili moyo. LibreOffice ili ndi zolembera, matebulo ndi database, zaulere, zopanda laisensi yakuba. Koma sindikugulitsani Linux ngati mankhwala a ku msika ochiza zonse. Nayonso inachitapo zomwezi: Ubuntu itachotsa Unity 2D mu 2012, makompyuta ofooka anayamba kukwawa, ndipo Debian 13 ya mu 2025 inasiya kupereka njira yoikira pa makompyuta a 32-bit. Komanso kalasi imene ili pafupi ndi mayeso isasinthiridwe mapulogalamu pakati pa chaka. Mwana alembe mayeso pa chimene wachizolowera. Lamulo ndi limodzi kulikonse: yesani pa kompyuta imodzi, kwa sabata yathunthu, ndi pulojekita yomwe, musanakhudze zinazo. Safunsa anadya phula.

Chachinayi ndi cha inu ahedi ndi a komiti ya makolo. Pasapezeke munthu wolowa m'labu ndi fulashi popanda mphunzitsi wa phunzirolo kuima pambali pake. Lembani m'kabuku mtundu wa kompyuta iliyonse, RAM yake, Windows imene ili nayo, ndipo madriver ake asungidwe pa CD kapena pa fulashi yokhomeredwa mu kabati ya ahedi. Wokonza alipidwe pamene sikirini, mawu, printer ndi pulojekita zonse zayesedwa pamaso panu. Ndipo kompyuta isalembedwe kuti yakufa ndi munthu yemweyo amene akufuna kukugulitsani ina, kapena amene akufuna kutenga "zakufazo" kuti akakutayireni. Ambiri mwa maliro amenewa amakadzuka pa shelefu ya sitolo ina, mtengo uli pamphumi.

Kwa inu ana anga amene muli kunja ndipo mumafuna kuthandiza sukulu zanu zakale, zikomo, Mulungu akudalitseni. Koma mukamatumiza makompyuta, musangotumiza mabokosi. Tumizani atayesedwa, nenani chimene chili mkati, ikanimo RAM yokwanira, ndipo ngati mungathe onjezani SSD, chifukwa imeneyo ndiyo imatsitsimutsa kompyuta yakale kuposa Windows iliyonse yatsopano. Lipoti la United Nations la mu 2024 linati dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi mu 2022, ndipo zosakwana kota ndizo zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera. Ife sitikufuna kukhala dzala la anthu ena, komanso tisamadzipangire tokha dzala ndi zinthu zamoyo. Monita yakale ikaswedwa m'mphepete mwa Mudi kapena Naperi, mtovu wake umatsala m'dothi ndi m'madzi amene anthu akumunsi amachapira.

Pempho langa ndi laling'ono. Sabata ino, mphunzitsi aliyense amene ali ndi kiyi wa chipinda chija chosungiramo "zakufa" atulutsemo kompyuta imodzi yokha. Aipukute fumbi, ailumikize, ayang'ane Device Manager, ayese fulashi ya Linux. Atengeko ana awiri kapena atatu a Fomu 3 aone nawo, chifukwa phunziro limenelo ndi lalikulu kuposa notsi zonse za pa bolodi zokhudza mbali za kompyuta. Ikadzuka, kafufuteni mawu aja m'buku la katundu pamaso pa ahedi, kenako mutulutse yachiwiri.